Kenneth Kaunda: Zaka 97 za Nchito ndi Banja

Acinyamata ambiri amadziwa a Kenneth Kaunda monga mtsogoleri woyamba wa dziko la Zambia. Koma iwo analinso mwamuna wa munthu ndiponso tate wa ana, ndipo zinthu zowawa koposa pa moyo wao zinawagwera m'nyumba mwao.

A Kaunda anabadwa pa 28 Epulo 1924 pa mishoni ya Lubwa ku Chinsali. Atate ao, a David Kaunda, anali mbusa ndi mphunzitsi wocokera ku Nyasaland, ndipo anamwalira mwana wao ali ndi zaka 8. Motero Kenneth anakulira m'manja mwa amai ake, a Helen, nadziwa nchito akali wamng'ono. Ataphunzira pa sukulu ya Munali ku Lusaka, anabwerera kwao kukaphunzitsa. Nthawi ina ankagula zovala za salaula ku malire a Congo ndi kuzigulitsa, kuti banja lipeze cakudya.

Mu 1946 anakwatira a Betty Banda. Mu 1953 anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu wa cipani ca African National Congress, ndipo anasamukira ku Lusaka. Masiku amenewo munthu wakuda sankaloledwa kulowa m'sitolo ya nyama ya azungu. Ankagulira pa kawindo, ataimirira panja. Pokana mcitidwe wonyoza umenewu, a Kaunda analeka kudya nyama, ndipo sanabwererenso ku mau aowo.

Kumenyera ufulu kunali ndi mtengo wake. Mu 1955 anamangidwa miyezi iwiri pamodzi ndi a Harry Nkumbula. Mu 1959 boma la atsamunda linaletsa cipani cao catsopano ca ZANC, linawathamangitsira ku Kabompo, kenaka linawatsekera m'ndende ku Lusaka ndi ku Salisbury. Nanga ana ankadya ciani? Amai Betty ndiwo anagwira banja, mpaka kuocha malasha ndi kugulitsa. Atatuluka m'ndende mu Januwale 1960, banjali linakhala m'kanyumba nambala 394 ku Chilenje, pafupi ndi Kabwata, kufikira mu Disembala 1962. Kanyumbako kanasungidwa monga cikumbutso ca dziko.

Analamulira Zambia zaka 27, kuyambira pa 24 Okutobala 1964. Si zonse zinayenda bwino. Kuyambira mu 1973 dziko linali la cipani cimodzi, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anthu ankafola mizere yaitali pofuna unga ndi saladi. Komabe atagonja kwa a Frederick Chiluba pa masankho a 1991, anatula pansi udindo mwamtendere.

Ciyeso cacikulu cinafika mu Disembala 1986, pamene mwana wao Masuzyo anamwalira. Nthawi imeneyo dzina la Edzi silinkachulidwa pa maliro. Abale ankangoti munthu wadwala nthawi yaitali, ena ankanamizira mfiti. Mtsogoleri wa dziko akanatha kubisa nkhaniyo mosabvuta. Koma mu 1987 a Kaunda anaimirira pamaso pa atolankhani nanena poyera kuti mwana wao anafa ndi Edzi. Sanacite naye manyazi mwana wao, ngakhale ali m'manda. Mau amenewo anatsegula pakamwa pa mabanja ambiri amene ankadwazika matendawo mobisa. Atapuma pa ndale anapitiriza nkhondoyo, ndipo mu 2002 anapimitsa magazi ao poyera kuti ena alimbe mtima.

Misozi sinathere pomwepo. Mu Novembala 1999 mwana wao wina, Major Wezi Kaunda, anaomberedwa ndi mfuti pakhomo pake ku Kabulonga, namwalira. Mu Seputembala 2012 Amai Betty anamwalira ku Harare, atakhala m'banja zaka 66. A Kaunda anatsala okha zaka pafupifupi 9, kufikira pa 17 Juni 2021, pamene anamwalira m'cipatala ca asilikali ca Maina Soko ku Woodlands, ali ndi zaka 97. Anaikidwa m'manda ku Embassy Park pa 7 Julayi caka comweco.

Anyamata ndi atsikana, ambiri a ife sitidzalamulira dziko, koma tonse tili ndi abale. M'makomboni mwathu mukali acinyamata amene amaopa kukatenga mankhwala a ma ARV cifukwa ca miseche ya anzao, ndiponso makolo amene amabisa mwana wodwala kuseri kwa citseko. Ngati mtsogoleri wa dziko anachula matenda a mwana wake pamaso pa anthu onse, ife tingamkane bwanji mbale wathu? Mukambirane funso limeneli pa msonkhano wa gulu lanu, ndipo ngati mudziwa mnzanu amene ali gone, mupite mukamuone sabata ino.