Pamene Bondo la Mtsikana Linali Mlandu

Mu 1973 Nyumba ya Malamulo, yomwe nthawiyo inali ku Zomba, inakhazikitsa lamulo la kavalidwe lotchedwa Decency in Dress Act. Kuyambira pamenepo mayi kapena mtsikana wovala thalauzi, kabudula kapena siketi yoonetsa mawondo pagulu anali wolakwira boma. Amuna nawo sanapulumuke. Tsitsi lotsika kupyola pakamwa linali mlandu, moti alendo ena otsika ndege ku Chileka ankayamba akumana ndi sizasi asanalowe m'dziko. Pulezidenti wa nthawiyo, Dr Hastings Kamuzu Banda, mwini suti ndi chipewa, ankati akuteteza ulemu wa mbumba yake.

Apolisi okha sakanatha kuyeza siketi iliyonse. Ntchitoyi inagweranso achinyamata: a Youth League a malaya ofiira aja, ndi apayoniya, omwe gulu lawo linayamba mu 1963. Iwo ankaima pazipata za misika ndi m'madepoti a basi kufunsa makadi a chipani cholamula, ndipo maso omwewo ankatsikira kumpendero wa diresi. Mtsikana wochenjera sankachoka pakhomo wopanda chitenje, kuti akawaona patali adzikulunge msanga. Koma naye mnyamata wofunsayo sanali pamtendere. Tsitsi lake, malaya ake ndi mayendedwe ake zinali m'maso mwa anzake ndi akuluakulu a chipani, ndipo njira yapafupi yoonetsera kuti iye ndi wolongosoka inali kuloza chala wina. Apa ndiye pomvetsa chisoni: ana a msinkhu umodzi, ena ophunzira kalasi imodzi, anaphunzitsidwa kuopana.

Referendamu ya zipani zambiri ya pa 14 June 1993 itadutsa, lamulo lija linachotsedwa. Mathalauzi a jinzi a pa kaunjika anadzaza misika.

Chizolowezi chokha ndicho chinakana kufa. Mu January 2012 magulu a anyamata, ambiri a iwo mavenda, anavula amayi ndi atsikana ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi m'misewu ya ku Lilongwe ndi Blantyre, ati pofuna kusunga chikhalidwe. Amayi anachita msonkhano waukulu ku Blantyre, ambiri atavala mathalauzi, ndipo Joyce Banda, yemwe anali wachiwiri kwa pulezidenti, anali nawo. Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti amayi ali ndi ufulu wovala zomwe akufuna. Ambiri mwa ovula anzawowo anali asanabadwe mu 1973. Mwambo womwe ankaumenyera nkhondo unali lamulo lachipani lomwe silinakwane n'komwe zaka 25.

M'sukulu za boma, lumo linapitirira kulamula. Ana a Chirasta ankabwezedwa pageti chifukwa cha madiredi, kufikira mu May 2023 pamene Justice Zione Ntaba wa bwalo lalikulu la milandu ku Zomba anagamula kuti kuwakaniza sukulu n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko.

Lero mtsikana wa Fomu 1 amene akuseka nsapato zapulasitiki za mnzake, kwinaku akukoka siketi yake kuti asasekedwe, sakudziwa za lamulo la 1973. Makolo ndi aphunzitsi ake akulidziwa bwino, poti ena anathamangitsidwapo ndipo ena ndiwo ankathamangitsa anzawo. Iwowa ndi amene ayenera kumufotokozera kumene manthawa anachokera.