Thandizo limene wopulumuka kwa ozembetsa anthu amafunikira

Kuzembetsa anthu ndi kutenga, kunyamula, kusunga kapena kulandira munthu mwachinyengo, moopseza kapena mokakamiza, pofuna kumudyera masuku pamutu. Kawirikawiri zimayamba ndi lonjezo la ntchito ya m'minda, ya m'migodi, ya m'nyumba za m'tauni kapena ya ku Joni. Ena amadutsitsidwa m'malire monga a Zóbuè, Calómuè, Cassacatiza ndi Cuchamano, ena amazunzikira m'dziko momwe muno. Munthu wotere akapulumuka amakhalabe pangozi, ndipo ngati sathandizidwa mokwanira akhoza kutengedwanso.

Pogona ndi chitetezo

Choyamba ndi malo ogona amene omuzembetsa sakuwadziwa, chakudya ndi zovala. Kumubwezera kwawo tsiku lomwelo si nzeru nthawi zonse, chifukwa amene anamunyengerera akhoza kukhala wachibale kapena mnansi. Nkhani ikaperekedwe kupolisi, ku ofesi yotchedwa Gabinete de Atendimento à Família e Menores Vítimas de Violência. Ikakhudza mwana, nambala yaulere ya Linha Fala Criança ndi 116.

Kuchipatala

Wopulumuka ayenera kupimidwa mabala, chifuwa chachikulu, malungo ndi matenda opatsirana pogonana. Amene wagwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyi. Mankhwala oletsa kutenga mimba nawonso amafunika mwachangu.

Mabala a mumtima

Ambiri amasowa tulo, amadzidzimuka, amakwiya msanga kapena amangokhala duu. Izi zimachitika kwa munthu amene wazunzidwa nthawi yaitali, ndipo si misala kapena ufiti. Amafunika wina womumvetsera mosamuweruza komanso wosunga chinsinsi. Sayenera kukakamizidwa kufotokoza zomwe zinamuchitikira pabwalo la mfumu kapena pamaso pa mpingo.

Malamulo ndi zikalata

Ku Mozambique mlanduwu umaweruzidwa potsata Lamulo nambala 6/2008 la pa 9 Julaye 2008, lomwe chilango chake ndi zaka 16 mpaka 20 m'ndende. Kuti munthuyo anavomera yekha ulendowo sikufafaniza mlandu wa omuzembetsa. Mlandu umayendetsedwa ndi ofesi ya Procuradoria, ndipo bungwe la IPAJ limapereka thandizo la zamalamulo kwaulere kwa osowa ndalama. Popeza ozembetsa amalanda zikalata, wopulumuka amafunika Bilhete de Identidade yatsopano kapena kalata ya kubadwa, kuti athe kulembedwa ntchito, kulemba mayeso kusukulu ndi kulandira thandizo la boma. Wochokera ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe amafunikanso womasulira ngati sadziwa Chipwitikizi, ndi njira yobwerera kwawo mwaulemu.

Kubwerera kumudzi

Apa ndi pamene ambiri amagweranso m'mavuto. Banja linagulitsa mbuzi, njinga kapena chimanga cha m'nkhokwe kuti alipire ulendo, iye wabwera chimanjamanja, mwina nyengo yodzala itadutsa. Ngongole ndi manyazi zimamukankhira kwa wonyengerera wina. N'chifukwa chake amafunika mbewu, khasu, gawo la munda kapena dimba, ndi chakudya chomufikitsa pokolola. Ena amathandizika pophunzira kusoka kapena ukalipentala, kapena polowa gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama. Mwana abwerere kusukulu. A ofesi ya Acção Social ya m'boma ndi amene amaunika banja ndi kuona thandizo lomwe lingapezeke.

Udindo wa mudzi

Mafumu, anyakwawa ndi akulu ampingo angathandize poletsa kumutonza, pokambirana ndi eni ngongole, ndi podziwitsa apolisi za anthu amene akuyendayenda m'midzi kulonjeza ntchito zakutali. Mlandu wozembetsa munthu suthera pabwalo ndi chindapusa cha mbuzi. Umapita kupolisi ndi kukhoti.