Mwana Timamuteteza, Matenda Timawapewa

Abale anga, eni chinenero chathu chino, pali chiganizo china chimene chayala mphasa pakati pathu mpaka tayamba kuchiyesa mwinimudzi. Chimamveka pa wailesi, chimalembedwa pa zikwangwani, ndipo ngakhale anthu opita patali ndi sukulu amachitchula osaphethira n'komwe: "Katemera amateteza matenda." Tachimvetserani bwino. Kuteteza n'kutchinjiriza chinthu chimene ukuchikonda kuti choipa chisachigwere. Mbusa amateteza mbuzi kwa fisi, ndipo tsiku limene tidzamve kuti wayamba kuteteza fisi, tidzamulanda ziwetozo dzuwa lisanalowe. Woteteza matenda ndiye kuti akuwasunga kuti asafe. Chichewa cholongosoka chimati katemera amateteza mwana ku matenda, ndipo ife timapewa matenda. Wotetezedwa ndi munthu, chopewedwa ndi nthenda.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti, "Bola tamvana." Pa macheza a pabawo zingatheke, koma pa nkhani za sayansi kumvana kwa apo ndi apo kumatayitsa miyoyo. Anthu ofufuza amadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amatha zaka akuwerenga, kuyeza, n'kubwerezanso kuyezako kuti asanamize anthu. Tsono zimandiwawa mumtima kuti ntchito yogwiridwa mosamala chonchi, ikafika pakhomo lomaliza, pomwe iyenera kulowa m'khutu la mayi wa ku Ndirande kapena mlimi wa ku Mchinji, imaperekedwa m'Chichewa chongotolatola.

Komatu kafukufuku si mlendo kwathu kuno. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene ambiri timangoti ku Gulupu, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a mu ubongo, mwana wamng'ono woti sangayankhe mafunso. Muyeso umenewo unatenga dzina la Blantyre ndipo ukugwira ntchito m'maiko ambiri mpaka lero. Pa 23 Epulo 2019, kunali kuno kumene katemera wa malungo anayamba kuperekedwa kwa ana kusikelo, Ghana ndi Kenya n'kutsatira pambuyo. Ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, ana pafupifupi 28,000 analowa m'kafukufuku wa katemera wa tayifodi kuyambira mu 2018. Anawo ndi athu, amayi amene ankawabereka kumbuyo popita nawo kuchipatala ndi athu, magazi amene anayezedwa ndi athu. Zimene zinapezeka ziyenera kubwerera kwa eni ake m'mawu oongoka.

Tiyambe ndi mawu akuti malungo. Makolo athu ankati malungo ponena za kuphwanya kwa thupi, kunjenjemera ndi kutentha, osayang'ana chimene chayambitsa. Achipatala anatenga mawuwo n'kuwapatsa nthenda imodzi yokha, yoyamba ndi tizilombo tofalitsidwa ndi udzudzu. Matanthauzo awiriwa akukhalabe m'nyumba imodzi, ndipo ndi pamene pagona ngozi. Chibayo chimatenthetsa thupi, tayifodi imatenthetsa thupi, matenda oumitsa khosi nawonso amatero. Mayi akangoti "mwana ali ndi malungo" asanapite naye kukayezetsa, dzinalo limamutsogolera kukagula mankhwala olakwika pagolosale, nthenda yeniyeni ili phee kudya mwanayo. Tisanayezetse tiziti, "Mwana watentha thupi." Magazi akaonetsa tizilomboto, pamenepo ndiye tinene kuti, "Mwana ali ndi malungo." Kutentha thupi ndi chizindikiro, malungo ndi nthenda.

Nanga kuyeza ndi kuyesa? Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi, koma n'kusiyana kwa usana ndi usiku. Dokotala amayeza, wodwala amayezetsa, magazi amayezedwa. Kuyesa n'kufuna kuona ngati chinthu chitheke kapena chigwire ntchito. Mankhwala atsopano ndiwo amayesedwa. Pa chikalata chopempha chilolezo kwa munthu wolowa m'kafukufuku, mawu awiriwa asasokonezeke ngakhale kamodzi. Ukauza gogo kuti "tikufuna kukuyesani" pamene umatanthauza kumuyeza, wamuopseza pachabe. Choipa choposa pamenepo n'kubisa kuyesa kwenikweni pansi pa mawu okoma akuti "chithandizo". Ngati mankhwala akuyesedwa, munthu auzidwe mosapsatira kuti, "Mankhwalawa sitinatsimikize ngati akugwira ntchito, n'chifukwa chake tikuwayesa, ndipo muli ndi ufulu wokana." Chala chodindidwa pa chikalata chimene mwini wake sanachimve si chilolezo ayi.

Pa nkhani ya magazi pamafunika kuyenda mosamala kuposa pena paliponse. Sitinaiwale za mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa n'kuphedwa. M'dziko loti linaona zoterezi, wazaumoyo asayerekeze kunena kuti "tipope magazi", ngakhale mocheza. Anene kuti, "Titengako magazi pang'ono." Afotokoze kuchuluka kwake ndi muyeso umene mayi amaudziwa kukhitchini, monga kasupuni ka tiyi, anene kumene akupita, chimene akukayezedwa, ndi chimene chidzachitike ndi otsala. Pomwe mawu omveka asowa, mphekesera ndiyo imadzaza malowo.

Pali kulankhula kwina kumene kumaoneka ngati kwanzeru koma kukupotoza sayansi: "Thupi langa linazolowera mankhwalawa." Pa mankhwala opha tizilombo, si thupi limene limazolowera. Ndi tizilombo timene timasiya kumva mankhwala, ndipo mawu akuti "kusamva mankhwala" ndi Chichewa chokoma, cholasa pamtima penipeni pa nkhaniyo. Umboni wake unapezeka konkuno. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine pochiza malungo, chifukwa tizilombo tambiri tinali titasiya kumumva. Patatha zaka zoposa khumi, ofufuza ku Blantyre anapeza kuti mankhwala omwe aja ayambanso kupha tizilomboto, ndipo analengeza zimenezi mu 2006. Matupi a anthu sanasinthe. Chinasintha ndi mtundu wa tizilombo: tosamva tija tinachepa mankhwalawo atachoka, tomva n'kuchulukanso. Izi sizikutanthauza kuti tibwerere ku chloroquine mwa tokha, pakuti kuyambira mu 2007 mankhwala amene timalandira kuchipatala ndi LA. Koma taonani kusiyana kwake. Wonena kuti "thupi lazolowera" amaona ngati vutolo ndi lake yekha. Wonena kuti "tizilombo tasiya kumva" amazindikira kuti kusiyira mankhwala panjira kumalera tizilombo tolimba timene udzudzu udzapititse kwa mwana wa mnansi wake. Ndipo tikadali pomwepa, mankhwala timamwa, jekeseni timabayitsa, mafuta timadzola. "Kutenga mankhwala katatu patsiku" ndi Chingerezi chovala chitenje chabe. Kutenga n'kunyamula, ndipo mankhwala onyamulidwa sanachizepo munthu.

Chimodzimodzinso kuchepetsa ndi kuthetsa. Katemera wa malungo sathetsa malungo, amachepetsa. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse linalengeza kuti m'madera a maiko atatu aja mmene katemerayu ankaperekedwa, imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 pa 100 alionse. Kunena mwa kwathu, pomwe pakanamwalira ana 100 panamwalira 87, ndipo 13 anapulumuka. Imeneyi ndi nkhani yoimbira nthungululu. Koma wolengeza akatengeka mtima n'kuti "malungo atha", mawa mayi avundukula neti n'kukatchingira dimba.

Tikachoka kuchipatala n'kupita kwa amisiri, timapeza mneni mmodzi amene wameza anzake onse: kupanga. Masiku ano tikupanga mlatho, tikupanga msewu, tikupanga chitsime, tikupanga njerwa, tikupanga kafukufuku, tikupanga chiganizo. Kalanga ine! Chinenero cha anthu osula, osema, oumba ndi oluka chasauka liti chonchi? Mlatho timamanga. Msewu timalambula, n'kuupala, n'kuuthira phula. Chitsime timakumba, njerwa timaumba n'kuziwotcha, nsanamira timazika, denga timafolera, khasu timasula, kafukufuku timachita, mfundo timamanga. Mneni aliyense wanyamula luso lake, ndipo mwana wokula akumva aneni amenewa amaphunzira, asanaone n'komwe khomo la sukulu ya zaumisiri, kuti ntchito ili ndi magawo ndipo gawo lililonse lili ndi chida chake. Nawo mawu akuti kukonza tawalemetsa katundu. Tikamva kuti "akukonza msewu", sitidziwa ngati akujambula mapulani, akumanga watsopano kapena akukwirira maenje. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130, kumeneko kunalidi kukonza zoonongeka. Koma chinthu chimene chikadali papepala tiziti akuchilinganiza, chatsopano tiziti akumanga, ndipo chimene chili bwinobwino tiziti akuchisamalira. Anthu akamva mneni woyenera amadziwa choyembekezera ndiponso chofunsa kwa olamula.

Ena amati Chichewa sichingakwane pa zinthu zamakono. Amenewo akafunse ku Wimbe m'boma la Kasungu, kumene William Kamkwamba, ali mnyamata, anamanga makina ake ndi zidutswa za njinga ndi zitsulo zotayidwa n'kuwatcha magetsi a mphepo. Mawu awiri okha, koma aliyense wamva chimene makinawo amatulutsa ndi chimene chimawayendetsa. Akafunsenso m'zipinda za ana obadwa masiku asanakwane, mmene muli kachipangizo kothandiza makanda kupuma, kamene akatswiri a ku Rice University ku America anakonza mogwirizana ndi madokotala a ku Gulupu. Dzina lake ndi Pumani. Mayi wamantha akamva dzina limenelo safunikira womasulira.

Kamangidwe ka mizinda ndiye kamandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa kumeneko mawu athu akale ndi sayansi yokhayokha imene tikuitaya. Ku Lilongwe, kumene likulu linasamukira kuchokera ku Zomba mu 1975, madera a mzindawo anapatsidwa manambala, ndipo lero timangoti ku 18, ku 25, ku 47. Nambala imathandiza wojambula mapu, koma siuza munthu kanthu za nthaka imene wapondapo. Makolo athu ankasiyanitsa dambo, dimba, khwawa, chigwa, chitunda, mtsetse ndi thanthwe. Dambo ndi malo osunga madzi nthawi ya dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Khwawa ndi njira ya madzi, ngakhale litauma gwaa miyezi isanu ndi itatu. Tsono zonsezi taziphatikiza n'kuzitcha "puloti" kapena "malo ongokhala". Munthu sangamange nyumba m'khwawa akulitchula dzina lake, koma pa puloti amamanga mtima uli m'malo. Madzi saiwala khwawa, akulu anatero, ndipo anthu a ku Mtandire anaziona mu 2017 pamene mtsinje wa Lingadzi unasefukira.

Pa machenjezo a nyengo ndiye tisachite chibwana. Kusefukira kwa madzi ndi pamene mtsinje wadzaza n'kutayikira m'mbali. Kugumuka kwa nthaka ndi pamene phiri lakhuta mvula n'kutsetsereka ndi matope, miyala ndi mitengo. Chachiwirichi makolo ankachitcha napolo, ndipo anthu a ku Zomba mu 1946 ndi a ku Phalombe mu 1991 analidziwa bwino dzinali. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse tinataya anthu oposa 1,000, kuphatikizapo amene sanapezeke. Munthu wokhala m'mbali mwa phiri akamva chenjezo la "madzi osefukira" amaganiza za anzake a kuchigwa, iye n'kugona tulo. Akamva zoti phiri lingagumuke, kapena akamva dzina la napolo, amadzuka. Katswiri asachite manyazi ndi mawu akalewa poganiza kuti ndi zikhulupiriro. Afotokoze kuti chimene chimagumula phiri ndi mvula yochuluka pa malo otsetsereka, makamaka opanda mitengo, koma dzina limene anthu amaliopa aligwiritse ntchito.

Musandimve ngati mdani wa mawu obwereka. Mlendo ndiye amayenda ndi kalumo kakuthwa, ndipo simenti, injini, jekeseni, kompyuta ndi intaneti tinazilandira n'kuziveka zovala zathu. Chimene ndikukana n'kubwereka chimene tili nacho kale m'nkhokwe, ndiponso kusanja mawu a Chichewa pa mafupa a chinenero china. Zida zotithandiza zilipo. Bungwe la Chichewa Board linagwira ntchito yake kuyambira mu 1972, ndipo Centre for Language Studies ku Zomba, imene inalowa m'malo mwake mu 1996, inatipatsa mtanthauziramawu wofotokoza Chichewa m'Chichewa. Safunsa anadya phula.

Tsono inu ana athu a m'sukulu za ukachenjede, a zaudokotala, a zaumisiri ndi olinganiza mizinda, komanso inu atolankhani amene mumanyamula zofufuza zawo kupita nazo kumudzi, ndikukupemphani chinthu chimodzi. Kumasulira musakusiyire tsiku lomaliza kapena munthu amene wangopezeka pafupi. Chikalata chilichonse, chenjezo lililonse, musanachisindikize kapena kuchiulutsa, kachiwerengereni agogo amene sanapite kusukulu, kenaka muwapemphe kuti akubwezereni zimene amva. Akabweza zosiyana ndi zimene mumatanthauza, musawaseke, bwererani mukalembenso.