Anthu Amene Anali Kuseri kwa Kanema wa Alimi

Lero tikambe za kanema wophunzitsa, amene kale anali kufika m'midzi pa galimoto. Nsalu yoyera inali kumangidwa pa bwalo, ndipo kukachita mdima anthu anali kuona mlimi akugwira khasu pa nsalupo. Kodi zithunzi zimenezi anali kuzikonza ndani, nanga anali kufuna chiyani?

Ntchitoyi inayamba m'chaka cha 1935, pamene Azungu awiri, Notcutt ndi Latham, anayamba kujambula kanema wa anthu a ku Africa m'dziko la Tanganyika. Anakonza akanema 35, ndipo ena anadzawaonetsa kuno ku Nyasaland. Zithunzizo zinalibe mau. Mau anali kuchokera m'mbale za galamafoni.

M'chaka cha 1948 maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anatsegula Central African Film Unit ku Salisbury, kumene tsopano ndi ku Harare. Mkulu wake anali Alan Izod, ndipo ojambula odziwika anali Stephen Peet ndi Louis Nell. Wina anali kulemba nkhani. Wojambula anali kupita ku mudzi ndi womasulira, napempha mfumu kuti iwapatse anthu. Osewera anali alimi wamba. Munthu anali kubwereza chinthu chimodzi kangapo, kudikira dzuwa lituluke m'mitambo. Pambuyo pake wina anali kudula filimuyo ndi kuilumikiza, kutaya zosafunika.

Koma munthu wofunika koposa anali mnzathu wa pa galimoto, woima ndi chimkuzamau. Popeza akanema oyamba aja anali osalankhula, iye ndiye anali pakamwa pao. Akadziwa miyambi ndi nthabwala, anthu anali kumvetsa. Akaphonya, phunziro lonse linali kutayika.

Nkhani zambiri zinali za alimi awiri, wanzeru ndi waulesi, monga kanema wotchedwa The Two Farmers. Wanzeru amvera alangizi napeza chuma. Waulesi akana nagona ndi njala. Zina mwa izo zinali zoona: mizere yopingasa pa malo otsetsereka imasunga nthaka, ndipo inu okhala m'munsi mwa phiri la Michesi mukudziwa mphamvu ya madzi othamanga. Komabe nsalu ija sinali kuonetsa zonse. Masiku amenewo Phalombe inali mbali ya boma la Mulanje, kufikira 1998, ndipo minda yambiri yachonde ya ku Mulanje ndi ku Thyolo inali m'manja mwa eni tiyi. Malamulo a malimidwe anali kukakamiza anthu, ndipo olakwa anali kulipira chindapusa. Kanema sananene zimenezi. Chitaganya chitabwera mu 1953, bungweli linayamba kuchitamanda, ndipo anthu ambiri analeka kulikhulupirira. Linatha pamodzi ndi Chitaganyacho mu 1963.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Unduna wa Malimidwe unapitiriza ntchitoyi ndi galimoto zachikasu zoonetsa kanema ndi zidole. Stephen Peet uja anabwerera ku England, ndipo kuyambira 1969 anakonza pa BBC akanema otchedwa Yesterday's Witness, m'mene anthu wamba anali kufotokoza okha zimene anaona ndi maso ao.

Tsono mafumu, wojambula akafika m'mudzi mwanu, mlandireni, koma mufunseni: wamtuma ndani, ndipo zithunzizo akaonetsa kuti? Mpempheni amve mau a alimi eni ake, amai ndi nkhalamba zomwe, makamaka okumbukira Napolo wa mu 1991. Mutu umodzi susenza denga. Wojambula ali ndi makina, koma mbiri ya mudzi muli nayo ndinu.

Tsalani bwino.