NYAMA YA NKHUMBA YOBVALA NYENYESWA ZA BULEDI

Munthu akayenda madzulo m'makomboni a Lusaka, ku Kanyama, ku Matero kapena ku Chawama, pfungo la nyama ya nkhumba yoocha pa mbaula limamlonjera m'njira. Ku dziko la Japan nakonso anthu amaikonda nyama imeneyi, koma kaphikidwe kao nkosiyana: amaibveka ufa wa tirigu, dzira ndi nyenyeswa za buledi, naikazinga m'mafuta ambiri. Cakudyaci dzina lace ndi tonkatsu. Ajapani amaciyesa cao-cao, monga momwe Acewa ndi Ansenga ayesera nsima. Komatu makolo ao a zaka 200 zapitazo sanacidziwe konse, ndipo ambiri a iwo akadanyansidwa naco.

Ciyambi ca nkhaniyi ciri kutali. M'caka ca 675 mfumu yaikuru ya Japan, dzina lace Tenmu, inalamula kuti m'miyezi yolima anthu asadye nyama ya ng'ombe, akavalo, agaru, anyani ndi nkhuku. Ciphunzitso ca Buddha, coletsa kupha zamoyo, cinali citalowa kale m'dzikomo, ndipo mafumu otsatira anabwereza malamulo otere kufikira kudya nyama kunasanduka cinthu codetsa munthu. Kwa zaka pafupi-fupi 1,200 ndiwo za Ajapani zinali nsomba, nyemba za soya ndi masamba. Koma nkhuli siimva lamulo. Ogulitsa nyama ya nguluwe anaipatsa dzina lakuti "namgumi wa m'phiri," kuti woidyayo anene kuti wadya za m'nyanja.

Azungu oyamba kufika ku Japan anali Apwitikizi, m'caka ca 1543, nthawi yomwe anzao anali kucita malonda pa Zambezi, ku Sena ndi ku Tete. Iwowa anasiyako buledi, ndipo kufikira lero Ajapani amachula buledi kuti pan, dzina locokera ku Cipwitikizi. Anthu ambiri amatinso ndi Apwitikizi omwewo anawaonetsa kukazinga nsomba ndi masamba zobviika m'phala la ufa, cakudya codziwika ndi dzina lakuti tempura. Pambuyo pace Japan inatseka makomo ace kwa alendo ambiri zaka zoposa 200, kufikira zombo za nkhondo za America zinafika m'caka ca 1853.

Ataona mphamvu za Azungu, akuru a boma latsopano la Mfumu Meiji anaganiza kuti anthu ao adzakula misinkhu ndi kulimba matupi akayamba kudya nyama. Motero mu January 1872 kunalengezedwa kuti mfumu yeni-yeniyo yadya nyama ya ng'ombe. Mbiriyi inawawa mitima ya ena, kotero kuti amuna 10 opembedza anayesa kulowa mokakamiza ku nyumba ya mfumu kukatsutsa, ndipo ena a iwo anawomberedwa ndi alonda. Koma khomo linali litatseguka.

M'nyumba zodyera za ku Tokyo munayamba kuoneka cakudya ca Afalansa cochedwa côtelette, ndiyo nyama yopyapyala ya mwana wa ng'ombe yokazinga m'batala pang'ono. Lilime la Mjapani linalephera dzinali, nalisandutsa katsuretsu. M'caka ca 1899 nyumba yodyera ya Rengatei, ku Ginza, inayamba kugulitsa katsuretsu wa nkhumba, wokazinga m'mafuta ambiri monga tempura, ndipo pambuyo pace inaikapo kabici wamuwisi woduladula bwino. Pofika ca m'ma 1930 ophika ena anali kudula nyamayo mocindikala, naiduliratu m'zidutswa kuti munthu adye ndi timitengo tao tiwiri, pamodzi ndi mpunga, wosafuna mpeni ndi foloko. Pamenepo dzina lakuti tonkatsu linafala. Ton ndiye kuti nkhumba. Popeza katsu limvekanso ngati mau a Cijapani otanthauza kupambana, ana a sukulu ambiri amadya nyamayi mayeso akayandikira.

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, anatero akale. Koma Ajapani sanangolandira kalumoko, anakanola mwa njira yao. Nyama anaisankha okha, kakazingidwe anatenga ka kwao, nsuzi ndi mpunga nzao.

Anthu a m'makomboni a Lusaka si alendo kwa Japan. M'zaka za m'ma 1990, kolera itasautsa mzindawu, boma la Japan linathandiza kukumba zitsime zakuya ndi kuika mipopi ya madzi ku George. M'zaka za m'ma 1980 linali litamanga kale nyumba za sukulu ya madokotala a ziweto pa University of Zambia. Ndipo ndi akatswiri a sukulu yomweyo amene, kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, anapima nkhumba za pa msika wa Chibolya, pafupi ndi Kanyama, napeza zambiri ziri ndi masese.

Masese ndi timatuza toyera tokhala m'minofu ndi pansi pa lilime la nkhumba, ndipo m'kati mwace muli ana a njoka ya m'mimba. Nkhumba imawatenga ikadya cimbudzi ca munthu. Wakudya nyama yotere yosapsya amameretsa njoka m'matumbo. Mazira a njokayo akalowa m'kamwa mwa munthu ndi madzi oipa kapena manja osasamba, angathe kufika ku ubongo ndi kuyambitsa khunyu. Cifukwa cace mai wofuna kuphika tonkatsu nchito yace iyambira pa msika: ayang'anitse nyamayo, ndipo ya masese aikane, ngakhale mtengo wace utsike cotani.

Zotsalazo ziri kale m'nyumba zambiri. Buledi wogona, amene ana amamkana, amfikisa m'manja kapena pa sefa kuti akhale nyenyeswa. Nyama ya pamsana aidula mocindikala ngati cala, naidula-dula m'mbali mwa mafuta kuti isapindike pa moto, naithira mcere ndi tsabola. Kenaka aigubuduza mu ufa wa tirigu, aibviika m'dzira lomenya, naikanikiza m'nyenyeswa. Saladi akhale wokwanira kumiza nyamayo m'ciwaya, monga pokazinga vitumbuwa. Kanyenyeswa kakagwera m'mafutamo ndi kuyandama msanga kakucita thobvu, moto wakwana. Malasha akanyanya ukali, kunja kumapserera m'kati muli mwazi. Tsono apungule makala, atembenuze nyamayo, ndipo asaipereke kwa ana asanaidule ndi kuona kuti m'kati mwayera monse. Asilamu, a Sabata ndi onse osadya nkhumba angacite cimodzi-modzi ndi cidale ca nkhuku, pakuti Ajapani omwe amatero.

Ku Tokyo nyamayi adyera mpunga ndi kabici. Ku Mtendere kapena ku Kalingalinga mwina adzadyera nsima ndi supu wa matimati, ndipo palibe angawadzudzule, cifukwa ophika a ku Ginza nawonso sanapemphe cilolezo kwa Afalansa. Cimene sicisinthika, ku Japan ndi ku Zambia komwe, ndi cimodzi: nyama ikhale yoyera pogula, ndi yakupsya pophula.