Magetsi adafika, amisiri adatsalira m'mbuyo

Damu la Cahora Bassa ku Mozambique lidamalizidwa mu 1974, koma mphamvu yake yambiri inkalunjika ku South Africa pomwe midzi ya kum'mwera kwa Niassa inkaunikirabe ndi koloboyi. Kampani ya boma ya magetsi ya EDM idakhazikitsidwa mu 1977, ndipo ngakhale pamenepo magetsi ankabwera pang'onopang'ono: Cuamba idapeza kamalo kopangira magetsi ndi madzi m'zaka za m'ma 1980 mothandizidwa ndi dziko la Norway, Mandimba idadalira ochokera ku ESCOM ya ku Malawi, ndipo nthambo yaikulu yochokera ku Gurué kudzera ku Cuamba mpaka ku Lichinga idafika m'zaka za m'ma 2000. Mu 2023 adatsegulanso malo opangira magetsi a dzuwa ku Tetereane. Mbiriyi ikuonetsa kuti mapolo adayenda msanga kuposa luso. Umisiri wa matabwa kapena wosula makasu mwana ankauphunzira kwa amalume ake, koma kumadera ngati Etatara ndi Ngauma kudalibe mibadwo ya amisiri a magetsi oti achinyamata aonereko.

Vuto lagona pamita. Udindo wa kampani umathera pamenepo, ndipo za m'kati mwa nyumba ndi za mwininyumba. Kumalire kuno zimavutirapo chifukwa katundu wogulidwa ku Malawi amabwera ndi pulagi ya mano atatu aphwatalala, pomwe masoketi ambiri a ku Mozambique ndi a mabowo ozungulira. Munthu amadula pulagi ija, n'kulowetsa mawaya osenda m'soketi, n'kutsinira ndi kamtengo ka machesi. Fyuzi yomwe inali m'pulagimo yapita kudzala.

Ena amati mmisiri wophunzira ndi wodula, amakhala kutauni, komanso nyumba zambiri zolumikizidwa ndi anyamata a m'mudzi sizinapse. Za mtengozo ndi zoona, ndipo n'kulakwa kunyoza wosauka amene akufuna kuti ana ake aziwerenga usiku. Koma babu kuyaka si umboni woti ntchito idagwiridwa bwino. Mfundo ya mawaya yopotedwa ndi zala n'kukulungidwa ndi pulasitiki imatentha mwakachetechete kwa miyezi, chipangizo chozimitsa magetsi osadumpha, chifukwa mphamvu yodutsapo sinapitirire muyeso. Mmisiri weniweni amasankha kunenepa kwa waya molingana ndi zimene zidzalumikizidweko, amakhoma chitsulo m'nthaka kuti firiji ikawonongeka isagwire mwana, ndipo amayeza ntchito yonse ndi chipangizo asanayatse. Pansi pa denga la udzu m'mwezi wa Okutobala, mfundo imodzi yotayirira ndi yokwanira kutentha nyumba pamodzi ndi nkhokwe yoyandikana nayo.