Wenela, Selefu ndi Mbiri ya Kusaka Ntchito Kum'mwera

Boma la atsamunda litakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, amuna a m'dziko la Nyasaland anayamba kusowa ndalama zimene khasu la kumudzi silikanawapatsa, ndipo popeza malipiro a m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje anali ochepa, ambiri anayang'ana kum'mwera, ku migodi ndi mafamu a ku Southern Rhodesia ndi South Africa. Njira zopezera ntchito kumeneko zinali ziwiri. Yoyamba inali kulembedwa ndi mabungwe a olemba ntchito, monga Witwatersrand Native Labour Association, imene anthu ankaitcha Wenela, kapena bungwe la ku Rhodesia lodziwika ndi dzina loti Mthandizi. Yachiwiri inali selefu, kutanthauza kunyamuka pawekha popanda kusaina pangano ndi aliyense.

Wolembedwa ndi Wenela ankapimidwa ndi dokotala, kupatsidwa ulendo ndi chakudya, koma analibe mphamvu yosankha mgodi, ndipo gawo la malipiro ake linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi pangano likatha. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumadera otentha a kumpoto chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo m'migodi, ndipo chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Komabe anthu sanaleke kupita, zimene zikusonyeza kuti ulendo wa ku Joni (Johannesburg) sunadalire mabungwewo okha.

Wa selefu ndiye anafunika kukonzekera kwenikweni, ndipo kukonzekerako kunkayambira pabwalo la m'mudzi, pamene wobwera kumene ankafotokoza mgodi umene uli ndi phoso lokwanira, kapitawo amene amamenya anthu, ndi doko labwino lowolokera Zambezi. Anthu ankanyamuka m'magulu motsogozedwa ndi munthu amene anayendapo kale, atasenza ufa, mphika ndi kalata ya m'bale wawo, ndipo ulendowo ankaudula m'zigawo: miyezi ingapo pafamu ina ku Mashonaland kuti apeze ndalama ndi chitupa, kenaka ku Bulawayo, mpaka kuwoloka Limpopo kumene malipiro anali okwera. Katswiri wa mbiri yakale Charles van Onselen, m'buku lake lotchedwa Chibaro la mu 1976, anasonyeza kuti antchito ankapatsa migodi mayina awoawo ofotokoza nkhanza kapena kuchepa kwa chakudya, kotero kuti dzina lokha linkachenjeza mlendo asanafike pachipata. Nzeru zoterezi sizinkalembedwa mu ofesi iliyonse, koma zinapulumutsa anthu ochuluka, ndipo n'kulakwa kuona apaulendowa ngati anthu ongokokedwa ndi umphawi osadziwa kumene akupita.

Pofika, mlendo ankafunafuna munthu wakwawo, amene ankamugoneka, kumudyetsa ndi kumulankhulira kwa kapitawo kapena kwa mabalane, ndiye kuti kalaliki wa pamgodi. Apa maphunziro a kumishoni anathandiza kwambiri, chifukwa ophunzira a ku Livingstonia, makamaka Atonga a ku Nkhata Bay, anapeza ntchito za ukalaliki ndi ukapitawo, ndipo iwo ankakokera abale awo pamalo pomwepo. Clements Kadalie, wa ku Chifira, anadutsa ku Southern Rhodesia asanafike ku Cape Town, kumene mu 1919 anayambitsa bungwe la antchito la ICU. Nayenso Hastings Kamuzu Banda ali mnyamata anayamba wagwira ntchito pachipatala cha ku Hartley, ndipo anapitirira ku South Africa pamodzi ndi malume ake Hanock Msokera Phiri, mpaka anadzakhala kalaliki pamgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg.

Mtengo wa maulendowa unali wowawa kumudzi. Komiti imene boma linakhazikitsa mu 1935 motsogozedwa ndi Travers Lacey inapeza kuti amuna oposa mmodzi mwa anayi alionse anali kunja kwa dziko, ndipo ambiri mwa iwo anasanduka matchona, anthu amene anasiya kulemba makalata ndi kutumiza ndalama, akazi awo n'kumalima okha ndi kulipira okha msonkho.

Njira ya mabungwe inatha mwadzidzidzi. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Pulezidenti Banda anaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyo inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina latsopano la TEBA, limene anthu ankalitchula kuti Theba, koma inalekeka mu 1988 maboma awiriwo atasemphana pa nkhani yoyeza antchito kachilombo ka HIV. Selefu yokha ndiyo inatsala, ndipo achinyamata a ku Mangochi ndi Mzimba amene amakwera basi za ku Johannesburg lero amanyamuka m'bale wawo atawatumizira kale ndalama ya ulendo ndi kuwauza pa WhatsApp za malo ogona ndiponso bwana amene akufuna wantchito.